Musasunthe, Amayi

Pa chitseko cha furiji yanga pali kapositikhadi kakale, kopindika m'makona. Ndi chithunzi cha banja lina la ku Russia, chojambulidwa makamera akadali mabokosi a miyendo itatu. Bambo wandevu zofika pachifuwa waima kumbuyo, anyamata awiri aima chilili ngati asilikali. Pakati pakhala mayi atanyamula khanda. Diresi lake likuoneka mpaka mabatani, koma nkhope palibe. Pamalo pa nkhope pali kautsi chabe.

Ndinali ndi zaka zisanu ndi zitatu. Sukulu itangotsekera holide yaitali ya nyengo yotentha, amayi analongedza kachikwama nandiuza kuti akupita ku maphunziro a kuntchito. Ankasamalira okalamba ku Romford. "Uziwamvera amalume ako," anatero. Sindinafunse kuti maphunziro ake ndi otani otengera chitenje, masilipasi ndi Baibulo koma osatenga cholembera. Kwathu mwana sauzidwa za matenda, ngakhale kwathuko kutasamukira ku Barking, mu mzinda wa London.

Amalume, mlongo wawo wa amayi, anali ndi digiri koma ankalondera m'myuziyamu ina m'kati mwa tauni. Panalibe wondisiyira, choncho m'mawa uliwonse tinkakwera limodzi sitima ya District line. Akandikhazika pa benchi m'chipinda chawo cholondera ankandinong'oneza kuti, "Usakhudze kanthu. Bwana akadutsa, iwe sundidziwa, wabwera ndi mzungu uyo."

M'chipindamo munali zithunzi zakale za ku Russia zokhazokha. Magetsi ake anali ofooka dala, kuopa kuti zithunzi zingasuluke, ndipo munkazizira ngakhale kunja kukuwotcha. Ndikukumbukira fungo la polishi, ndi nsapato za amalume zikulira kwii, kwii pamatabwa. Panali ansembe a zipewa zazitali, ogulitsa nsomba zowuma ndi chisanu, ndi misewu ikuluikulu yopanda munthu ndi mmodzi yemwe.

Tsiku lina kunabwera aphunzitsi ena a imvi ndi gulu la ana. Ndinadziphatika kumbuyo. Anaima pa banja lija n'kufotokoza m'Chingerezi kuti kamera yakale inkachedwa kugwira chithunzi, moti ojambulidwa ankayenera kukhala duu nthawi yaitali. Misewu ija anthu analimo ndithu, koma poti ankayenda, kamera sinawagwire. Ananena zambiri. Ine ndinatolapo chimodzi: wosuntha amafufutika.

Amayi anga sankakhala pansi. Ankadya chiimire, ankasita yunifolomu foni itapanidwa paphewa, ankathamangira basi ndolo imodzi ili m'manja. Titafika kunyumba ndinatsegula alubamu yathu. Ine pa tsiku langa lobadwa, ine kutchalitchi, ine ndi amalume kupaki. Amayi munalibe. Pa chithunzi chimodzi panali mkono wawo wokha, ukundikonza kolala.

Sabata yomweyo azimayi awiri a kutchalitchi anabwera ndi zakudya. Poti ndinkayankha m'Chingerezi, ankayesa Chichewa sindimva. Ndinkamva chilichonse. "Opaleshoni," anatero mmodzi kukhitchini. "Ataya magazi ambiri. Koma mwana asadziwe."

Sindinauze munthu. Ndinangopangana ndi mtima wanga kuti poti amayi sangathe kukhala duu, ndiziwakhalira ineyo. Tsiku lililonse ndinkaima kutsogolo kwa mayi wopanda nkhope uja, manja m'mbali, n'kuwerenga mpaka handiredi. Ndikaphethira, ndinkayambiranso. Miyendo inkachita dzanzi, maso ankatuluka misozi, mkodzo unkandipana, koma ayi. Alendo ankandilambalala akumwetulira.

"Iwe, wasanduka chipilala?" amalume ankandiseka. "Akuika mugalasi, ine ndizikulonderanso." Koma sabata yachiwiri nthabwala zinatha. Ndinawaona m'khonde ali pafoni, akupukuta maso ndi tayi ya yunifolomu. Tsiku limenelo ndinawerenga mpaka kutseka.

Aphunzitsi aja anandipeza ndili chiimire kangapo konse. Anayesa ndakonda luso lojambula, ndiye anandigulira kapositikhadi aka. Ndinathokoza osagwedeza mutu.

Ndiulule pano: kuwerengako sindinasiye. Ndili ndi satifiketi ya ku koleji ya kasamalidwe ka ana, ndipo makolo anzanga ndimawalangiza bwinobwino kuti asamade nkhawa. Koma mwana wanga akagona masana ndimaima pambali pa kabedi kake n'kumawerenga mpweya wake. Amuna anga amati ndidzamudzutsa ndi maso. Nthawi zina ndimakwiyira akuluakulu aja. Akanangondiuza kuti amayi ako ali m'chipatala, madokotala akuwathandiza, bwenzi nditalira tsiku limodzi n'kupita kukasewera. Koma nanga ine mwana wanga ndidzamuuza? Sindikudziwa.

Amayi anabwera Loweruka masana, patatha masabata atatu. Anatsika takisi atawerama, amalume atawagwira mkono. Anali ataonda, milomo yotuwa, akununkha sopo wa kuchipatala. Masitepe anakwera imodziimodzi. Atakhala pa sofa ndinawayang'anitsitsa kumaso. Mphuno inalipo, kachipsera ka pachibwano kanalipo, maso onse awiri.

Ndinathamangira kamera ya amalume n'kuwapatsa. Kenako ndinakhala pambali pa amayi, n'kuwagwira dzanja mwamphamvu.

"Musasunthe, amayi," ndinatero, m'Chichewa.

Amalume anatsitsa kamera. "Kani kamamva?"

Amayi anafuna kuseka, koma anagwira pamimba. "Ndisuntha ndi chiyani, mwanawe? Jambulani, achimwene."

Pa kagalasi ka kumbuyo kwa kamera nkhope yawo inatuluka yonse, yakuthwa, mpaka timizere ta m'mbali mwa maso. Mpweya umene ndinaugwira masabata atatu unatuluka nthawi imodzi. Ndinagona pomwepo dzuwa likuswa mtengo, mutu uli pa ntchafu yawo, ndikudziwa kuti ntchito yanga ndaigwira bwino. Lolemba ndinakhala pa benchi ija ndikugwedeza miyendo, mpaka amalume anandiopseza kuti andinenera kwa bwana.

Sindinkadziwa kuti amayi anakhala duu chifukwa cha ulusi wa pamimba, kapena kuti chiberekero chimene anachotsa madokotala ndicho chifukwa chake ndinakula ndekha, wopanda mng'ono. Sindinkadziwa kuti m'alubamu munalibe amayi poti kamera inkakhala m'manja mwawo. Ndipo mayi wa ku Russia uja ndinamumvetsa chaka chatha chomwechi, pa ubatizo wa mwana wanga, wojambula akundidandaulira kuti, "Mayi, yang'anani kuno." Mayi wa pachithunziyo sankachoka ayi. Khanda linatakataka pamiyendo, iye n'kuweramitsa mutu kuti alione.