Kapu ya Kansalu Kofiira

Tamanda mng'ono wanga, lero pokonza m'kabati ndapeza kapu yako ija tinaimanga kansalu kofiira pachogwirira. Utayamba kutsokomola tonse tinkati ndi TB, ndiye tinakupatulira kapu ndi mbale, ana tinkawaletsa kukhala pamiyendo pako. Miyezi isanu yathunthu. Atakujambula m'chifuwa ku Lilongwe, adokotala anati ndi chotupa cha madzi m'mapapo, chosaonekaoneka, si khansa, ndipo sichipatsirana. Mu minibasi pobwerera ku Senga Bay unangondifunsa kuti, "Ndiye achemwali, tsopano ndingamwere kapu ya aliyense?" Tsiku la opaleshoni yochotsa chotupacho linafika titakuika kale m'manda.

Papita chaka. Misozi sikubweranso. Kapuyo ndangoitsuka, ndathiramo tiyi, ndamwa. Kansalu kaja ndalephera kukamasula.