Maenje a mbewa pabwalo la ndege

Chipatala cha mishoni cha kwathu, kutali ndithu ndi boma la Lundazi, chili ndi bwalo la ndege la udzu. Zaka zinayi bwalo limenelo linali m'manja mwanga. Ntchito yake inali kutchetcha, kuthamangitsa ng'ombe, ndi kuliyenda phazi ndi phazi ndege isanatere. Adokotala akandiimbira foni, yankho langa ndilo linkanyamutsa ndege ku Lusaka. Bwalo likaipa, lamulo linali loyala nsalu ziwiri zoyera mopingasa pakati pake, kuti woyendetsa aone ali m'mwamba, asayerekeze kutera.

Koma ndegeyo inkabwera mwina kawiri pachaka. Anthu ankandiseka, ati ndimalondera mphepo.

Mbewa ndiye zinalikonda bwalo lija, poti khasu silinkafikapo. M'mwezi wa Ogasiti, chimanga chili kale m'nkhokwe, ndinadzuka n'kuona utsi kumeneko. Ndinathamanga, n'kupeza udzu wapsa wonse, amuna asanu ali chiweramire ndi makasu. Wotsogolera anali mkulu wanga weniweni, wobadwa naye bere limodzi.

"Akulu, pano mpoletsedwa," ndinatero.

"Iwe mphwanga, ndege yakoyo inabwera liti? Ukufuna ana agone ndi nkhwani wokhawokha chifukwa cha azungu a m'mwamba?"

Anzawo anaseka. Ine munthu wamkamwa, woti pamsika wa Lundazi ndinakanganapo ndi kondakitala mpaka basi yonse kutsika, tsiku limenelo ndinangotembenuka n'kubwerera kunyumba. Mkulu wako sumukalipira pamaso pa anthu. Madzulo anatumiza mbewa zowamba kunyumba kwanga, ndipo ndinadya, bodza bwanji. Zinali zonona.

Mawa lake ndinakwirira maenje aja ndi mapazi. Ena anali ofika m'bondo, chifukwa una wa mbewa umakhota ndipo wokumba amautsata mpaka kumapeto. Dothi louma silitsindirika popanda madzi, ndinkadziwa bwino lomwe. Ndinadziuza kuti mvula yoyamba ikagwa ndidzatsindira. Pamwamba pankaoneka posalala, ndipo lipoti sindinapereke.

Kuyambira pamenepo kulira kulikonse kwa injini kunkandidula mtima. Ngakhale njinga yamoto ya wogula fodya ikamadutsa, ndinkatuluka kukayang'ana kumwamba.

Patapita milungu itatu, alamu anga, akazi a mkulu wangayo, anachira mwana wamkazi m'mawa. Cha m'ma naini foni yanga inalira. Anali adokotala.

"Magazi sakuleka. Mayiwa akufunika chipatala chachikulu lero lomwe. Bwalo lili bwanji?"

Ndikanangonena. Ambulansi inali pomwepo, mafuta alimo, dalaivala alipo, ikanayamba ulendo wa ku Chipata nthawi yomweyo. Koma ndinaopa kufunsidwa kuti maenjewo anakumba ndani, nanga ine ndinali kuti.

"Lili bwino, adokotala."

"Yewo. Ndege ifika pakatha maola awiri."

Ndinathamangira kubwalo. Enje loyamba lomwe ndinapondapo, mwendo unalowa mpaka m'katumba. Ndinakhala pansi paphulusa, thukuta lili kamukamu. Tayala la ndege ija ndi laling'ono ngati la wilibala, ndipo imatera ikuthamanga kuposa basi. Likalowa m'enje loterolo, ndege imagubuduka chamutu. M'menemo mumakhala woyendetsa ndi namwino, anthu a eni ake.

Ndinaitanitsa mkulu wanga. Anabwera panjinga, maso ali psuu, ndipo ataona mwendo wanga sanafunse kanthu. Tinamemeza mudzi. Amayi ankatunga madzi kumjigo ndi ndowa, amuna tikuthira dothi n'kumasinja ndi misi ya mtondo. Mjigowo uli patali, ndowa imodzi inkangomwedwa ndi enje limodzi. Choipa kwambiri, maenje ena sitinkawaonanso, chifukwa ine ndemwe ndinawabisa bwino. Tinkawapeza munthu akagweramo.

Mphepo ya mwezi umenewo inkaulutsa phulusa, kumwamba kuli mbuu. Kenaka amayi ena anatula ndowa n'kuloza chakumwera. Tonse tinamva kulira kwa ndege.

Tinali titakonza theka lokha.

Ndinapita kukashedi ka pambali pa bwalo kukatenga nsalu zija. Mkulu wanga ananditsekera njira.

"Ukutani?"

"Singatere, akulu. Ifa ndi anthu."

"Mwina idutsa pabwino! Iwe ndiwe Mulungu kuti udziwe pamene tayala liponde? Mkazi wanga akutha uko!"

"Ndikudziwa."

"Sukudziwa kanthu, galu iwe!"

Anagwira nsalu, ine ndinakoka. Tinagwetsana pansi amuna aakuluakulu, akazi akukuwa. Ndinamukankha mkulu wanga pachifuwa, chinthu chimene sindinachitepo chibadwire, ndipo anagwa chagada. Ndinayala nsalu zija n'kutsamiza miyala m'makona.

Ndege inatulukira pamwamba pa mitengo ya mango, yoyera, ili m'munsi kwambiri moti tinaona mutu wa woyendetsa. Inazungulira kamodzi. Mkulu wanga anathamangira pakati pa bwalo akukupiza shati, akufuula kuti tsikani, tsikani. Inazunguliranso kachiwiri, pang'onopang'ono, ngati ikutifunsa. Kenaka inakwera n'kulunjika ku Chipata.

Adokotala sanandikalipire. Anangondifunsa pafoni kuti, "Munadziwa liti?" Ndinawauza zoona. Anangodula foni.

Ambulansi inanyamuka ndi alamu dzuwa lili paliwombo, ndege ikukawadikira ku Chipata. Mkulu wanga anakwera nawo. Khanda linatsala ndi mkazi wanga. Ine ndinabwerera kubwalo ndekha n'kumasinjabe maenje, sindikudziwa kuti ndinkasinjiranji.

Dzuwa litapendeka ndinapita kuchipata cha chipatala kukadikira. Ambulansi inabwera pang'onopang'ono, nyali zake zosayaka. Amayi amene anali pakhonde anayamba kulira isanaime n'komwe.

Namwino amene anawaperekeza anatsika, nandikokera pambali. Si munthu wankhanza, ndipo sindikhulupirira kuti ankafuna kundilasa.

"Anatisiya nyumba za Chipata zikuoneka," anatero. "Tikananyamuka m'mawa muja, bwenzi tili nawo."

Mkulu wanga anatsika pomalizira, atanyamula chitenje cha alamu chokulungakulunga. Anaima patsogolo panga. Ndinkayembekeza mbama, ndipo ndinkaifuna.

"Ndege yako yafika bwino, mphwanga," anatero motsitsa mawu. "Sinakandike paliponse."

Iye mpaka lero amati ndinapha mkazi wake ndi nsalu zija. Za foni ya m'ma naini sadziwa, ndipo adokotala anasamuka osamuuza. Mwana uja wakulira m'nyumba mwanga, chaka chino wayamba sukulu. Sabata yatha anandifunsa kuti amayi ake anafa bwanji, ndipo ndinamuuza kuti msewu unali wautali.