Msana wa Apongozi pa Geti

Karate ndinaiyamba ndili kale mayi wa ana awiri, anzanga ku ofesi ku City Centre akundiseka kuti ndikufuna kumenya ndani. Aseke! Ine kata, ija umamenya ndi kutchinga wekha popanda mdani, inkandichotsa kutopa konse kwa pa desiki.

Mipikisano itasamukira pa intaneti, aphunzitsi athu anati aliyense adzijambule vidiyo, majaji akaonera kwawoko. Lamulo linali lakuti vidiyo isadulidwe, thupi lonse lioneke kuyambira poyamba mpaka pomaliza. Ine ndi kuzengereza kwangaku, ndinafika nako tsiku lotsekera.

Loweruka limenelo masana ndinatsamiritsa foni pa mpando, pa kapinga kwathu ku Area 47, nditavala yunifolomu yoyera yomwe anandisokera telala wa pakhonde ku Area 2. Koyamba galu anadutsa. Kenako ndinaterereka. Ndiye zinayamba kuyenda bwino, thupi likumvera, mpaka ndinafika poponya mwendo m'mwamba.

"Odi kuno!"

Mayo ine! Apongozi anga aamuna ali pa geti ndi thumba la mtedza, achokera kumudzi osaimba n'komwe foni. Munthu woti sanandionepo ndilibe chitenje, lero wandipeza m'thalauza, phazi lili m'mwamba, ndikukuwa ngati ndaona njoka. Mawondo anagwada okha. Foni ikujambulabe, ine ndili pansi kuomba m'manja: "Takulandirani, bambo."

Manyazi ake! Mumtima ndinati basi, mpikisano wapita, ulemu wanga kumudzi wapitanso.

Iwo anayang'ana kumbali nafunsa, "Kodi ndi masewera kapena ndi ntchito?" Ndinafotokoza mwachibwibwi za majaji aja, ndi kuti dzuwa likalowa mwayi watha.

"Ndiye ndakusokonezani," anatero. Anatula thumba lija, nabwerera ku geti, naima chondifulatira, maso kumsewu. "Pitirizani, amayi. Ine sindikuona kanthu, ndipo pano salowa munthu."

Ndinadzuka, kusasa udzu m'mawondo, kuyambiranso kujambula vidiyo ina. Pamene ndinakuwa ndinaona mapewa awo akudzidzimuka, koma sanacheuke. Mayi wogulitsa tomato atafika, anangomubweza ndi dzanja. Kata ija ndinaimaliza bwino kuposa masiku onse, ndipo vidiyo inapita kusanade.

Sindinapambane ayi, anandiika cha pakatikati, ndipo zinandikwanira. Vidiyoyo ndimaionerabe ndikafuna kusangalala. Chapakona pamaoneka chipewa ndi msana wa jekete lakuda, zili njoo, osagwedezeka. Majaji mwina ankayesa mlonda.

Madzulo ake ndinali nditavala chitenje changa, nditagwada, ndikuwathirira madzi osamba m'manja. Za pa kapinga sanazitchule. Anangotembenukira kwa mwana wawo, mwamuna wanga, amene anali atangofika kumene osadziwa kanthu, nati, "Iwe, mayi awa uziyankhula nawo bwino."