Ng'ombe za M'khola mwa Alamu

Chaka cha njala ndidali nditangobwera kuchokera ku Joni. Ndidabwera ndi chifuwa, jekete ndi jombo. Mkulu wanga sadabwere, adatsala mu mgodi. Kumudzi kwathu, kufupi ndi Tsangano, adasiya mkazi, alamu anga, ndi ana, wamng'ono akadali wa kumsana.

Mvula idagwa pang'ono n'kuleka. Chimanga chidapsa chisanamasule. Kenaka tidamva kuti aboma abweretsa chimanga, koma cha osauka okha. Ndiye kudafunika kudziwa kuti wosauka ndani. Ife tinkadziwa. Aliyense ankadziwa nyumba imene siifukanso utsi. Koma sadatifunse. Adatuma mzungu kudzayeza.

Adabwera ndi kalaliki ndi mesenjala. Muyeso wake udali wa maso. Denga la malata, wolemera. Njinga, wolemera. Ng'ombe m'khola, wolemera kwambiri. Ankayenda khomo ndi khomo akuloza ndi ndodo. Mesenjala ankakwera kusuzumira m'nkhokwe. M'mimba mwa ana simudasuzumire munthu.

Kwathu ng'ombe sizigona kwa mwini wake nthawi zonse. Munthu wa ng'ombe zambiri amaziikiza kwa ena, apa pang'ono, apo pang'ono, kuopa matenda ndi maso a anthu. Wosungayo amamwa mkaka ndi kuthira ndowe m'munda. Kugulitsa sangagulitse. Kupha sangaphe. Ndipo mwini wake samutchula pagulu. Ukangomutchula, mawa lake ng'ombe zapita, ndipo palibe adzakuikizenso kanthu, ngakhale nkhuku.

M'khola mwa alamu mudali ng'ombe zotere. Zidali zowonda, mkaka wake wosadzaza chikho, koma mkakawo ndiwo unkasunga wamng'ono uja. Mwini wake adali bambo wina wa m'mudzi momwemo, amene adali ndi sitolo pa Tsangano. Nyumba yake adafolera udzu dala. Chimanga ankasunga kwa abale ake kutsidya kwa malire. M'khola mwake mudamera bonongwe. Njinga yake, tsiku lobwera mzungu, idapita kocheza.

M'mawa wa tsikulo alamu adasesa pabwalo. Adabwereka mpando pa khomo lina, n'kuvala nsalu yopitira ku tchalitchi.

"Alamu, valani jekete," adatero kwa ine. "Mlendo wa boma simungamulandire ngati mukuchokera kudambo."

Ndidavala, ndi jombo zomwe. Mlendo timamulandira chotero, ngakhale tagona ndi njala.

Mzungu sadakhale pa mpandopo. Adalunjika kukhola, gulu la anthu lili pambuyo pake. Wasitolo uja adali m'gulumo, atavala malaya ong'ambika paphewa. Malaya amenewo sindidawaonepo kale.

"Bwana akufunsa," adatero kalaliki. "Ng'ombe izi n'zanu, mayi?"

Wasitolo adatsokomola. Alamu adagwada.

"Zili m'khola mwathu, bambo."

"Sindidafunse kumene zili. Maso ndili nawo."

"Ndiye mwaziona."

Anthu adaseka. Kalaliki sadaseke. Iyeyo sadali mlendo. Adali mwana wa ku Biriwiri, ndipo bambo ake adamulera ndi mkaka wa ng'ombe za eni. Zonsezi ankazidziwa. Koma tsiku limenelo adamanga tayi.

"Achimwene," ndidatero, "za ng'ombe za kuno mumazidziwa. Muuzeni bwanayo."

"Ndimuuze kuti n'za yani? Tchulani dzina."

Alamu adandiyang'ana. Wasitolo ankayang'ana kumwamba, ngati akufuna mvula. Ndikadatchula, mkaka wa mwana ukadachoka lisanalowe dzuwa, ndipo chimangacho sitidali titachiona n'komwe.

"Ndiye basi," adatero kalaliki. "Bwana amawerenga zimene akuona."

Mzungu adaloza mapazi anga ndi ndodo, n'kuyankhula.

"Akuti jombo zabwino. Akuti pakhomo pano pali ng'ombe, palinso mwamuna wa ku Joni. Njala siingafike pano."

"Muuzeni abwerenso mawa. Tiphika jombozi, adzalaweko," ndidatero.

"Msuzi wake mutigawireko, alamu a mwini khola!" adafuula mayi wina kumbuyo.

Kalaliki adamasulira mwachidule kwambiri. Mzungu adamwetulira, n'kundigwedezera mutu. Ndikhulupirira adauzidwa kuti ndathokoza.

Tidawatsatira mpaka kwa wasitolo. Mzungu adaona denga la udzu. Adaona bonongwe m'khola. Mesenjala adasuzumira m'nkhokwe n'kupeza zitsononkho zokha. Mzungu adapukusa mutu ndi chisoni chenicheni, adamugwira wasitolo paphewa, pong'ambika pomwe paja. Adamupatsa chitupa chokalandirira chimanga. Sitoloyo idali pa Tsangano, ndipo ndodo ya mzungu siidafike kumeneko.

Alamu sadalandire chitupa. Makomo onse osunga ng'ombe za eni sadalandire. Amenewo ndiwo adali osauka a m'mudzi mwathu, chifukwa munthu wopeza sasungira mnzake ng'ombe.

Gaga atatha, alamu adapita kwa wasitolo. Ine ndidawaperekeza. Tidamupeza atavalanso malaya ake a masiku onse.

"Mayi, mwasunga bwino ng'ombe zanga," adatero. "Ndi pakamwa pomwe mwasunga bwino. Mulungu akudalitseni."

"Ana akulira, bambo."

"Ana akulira paliponse. Chaulere sindipereka, anthu angazolowere. Koma kudimba kwanga kuli ntchito."

Alamu adalima mizere ya kachewere m'dimba mwake nyengo yonseyo, mwana ali kumsana. Ine khasu linkandikanika, chifuwa chinkatseka. Ndidagulitsa jombo, kenaka jekete. Wogula adali yemweyo, panalibe wina wokhala ndi chimanga. Lamulungu lotsatira adalowa ndi jombozo m'tchalitchi, zikulira kwe kwe mpaka kutsogolo.

Tsiku loyamba kulandira malipiro, alamu adabwera ndi chimanga m'mbale, n'kuchiika patsogolo panga. Chidali chachikasu. Kwathu sitinkalima chachikasu. Chimenecho chidabwera ndi galimoto ya boma.

"Alamu, mwachizindikira?" adandifunsa.

"Ndachizindikira."

"Ndiye chafika ndithu kwa osauka. Changodzera njira yaitali."

Adakasinja. Ana adadya. Palibe adafa pakhomopo, koma wamng'ono uja adachedwa kuyenda, ndipo sadakule msinkhu ngati abale ake.

Mvula itabweranso, ng'ombe imodzi idaswa. Wasitolo adabwera kudzaona thole lake, atavala jekete yanga. Adati adakumana ndi kalaliki uja pa boma, ndipo kalalikiyo adamuuza kuti mzungu adakondwa nawo mudzi wathu. Akuti m'dera lonselo sadaone mudzi wa anthu opeza bwino chotero, pafupifupi khomo lililonse lili ndi ng'ombe. Wasitolo adanena izi akuseka. Alamu ankakama, sadatukule mutu.