Waya wa pakati pa malata

Anthu a ku Kanyama amene akukumbukirabe moto umene unapsereza nyumba ya mlongo wanga amanena kuti inawombedwa ndi mphenzi, ati chifukwa galasi la sola limakoka mphenzi. Nkhaniyi ndaimva pamaliro, ndaimva m'minibasi, ndipo tsiku lina ndinaimva kwa munthu amene nthawi ya motowo anali asanafike n'komwe ku Lusaka. Si zoona. Tsiku limenelo kunalibe mphenzi, ngakhale bingu silinagunde. Ndakhala chete zaka zonsezi chifukwa wina anandipempha kutero, koma wondipemphayo tinamuika m'manda, ndipo ndikuona kuti ndi bwino choona chilembedwe.

Ine ndinamaliza fomu faifi, ndipo ndinagwira ntchito zaka zambiri m'kampani ina ya boma monga woyendera nyumba za antchito. Ntchito yanga inali kuona mitanda ya denga, ming'alu ya zipupa ndi mawaya a magetsi, kenako kulemba zimene ndapeza. Kampaniyo itagulitsidwa anatiuza kuti tikapume. Ndinatuluka m'nyumba ya kampani n'kukakhala ku Kanyama, kufupi ndi mlongo wanga wamng'ono ndi mwamuna wake. Iwo anali ndi nyumba ya mabuloko ya zipinda ziwiri, yomangidwa ndi thukuta la mlongo wangayo, amene ankagulitsa salaula, zovala zakale zobwera m'mabelo. Mabelowo ankawasunga m'chipinda cha kumbuyo. Kupatula nyumbayo ndi mabelowo, analibe kanthu kena padziko lino.

Amene sanakhalepo m'komboni ayenera kudziwa kuti malata athu sankakhomedwa. Lata lobooka misomali siligulika, ndipo munthu wa m'komboni sankadziwa tsiku limene adzauzidwe kuti aphwasule nyumba yake. Choncho ankangosanjika malata pamitanda, lina kuphimba m'mphepete mwa linzake, n'kuwapsinja ndi miyala, mabuloko osweka ndi matayala akale. Kuboola lata kunali ngati kung'amba chovala chatsopano.

Mlamu wanga nayenso anali atachotsedwa ntchito. Anakhala nthawi yaitali pakhonde osachita kanthu, mpaka mafoni a m'manja atayamba kuchuluka m'komboni mopanda magetsi. Apo anagula galasi la sola logwirapo kale ntchito ndi batire ya galimoto, kuti azitchajira anthu mafoni. Galasilo analiika yekha padenga m'nyengo yozizira.

Palibe anandiitana. Ndinabwereka makwerero n'kukwera, ndipo zimene ndinapeza zinandidetsa nkhawa. Pofuna malo a galasilo, ndiponso kuti lisaphimbidwe ndi mthunzi wa miyala, mlamu anali atatsitsa miyala yonse ya mbali imeneyo, poganiza kuti galasilo lokha lipsinja malata. Koma galasilo ndinalinyamula mbali imodzi ndi zala zitatu zokha. Choopsa koposa chinali waya. Chifukwa sanafune kuboola lata, anaudutsitsa pamalo pamene malata awiri aphimbana, ndipo unali wopanikizika pakati pa mphepete ziwiri zakuthwa. M'nyumbamo waya unatsika ndi chipupa mpaka pa batire, imene inali pansi pakati pa mabelo. Fyuzi, kachipangizo kodula magetsi zinthu zikalakwika, panalibe. Batire ya galimoto ndi chinthu chofatsa, koma mawaya ake awiri akakhudzana imatulutsa mphamvu yonse nthawi imodzi, waya n'kufiira ngati khala.

Pano ndivomere cholakwa changa. Ndinapita kwanga n'kulemba zonsezi papepala m'Chingerezi, ndi mitu yake, monga ndinaphunzitsidwira. Ndinapempha kuti miyala ibwerere, lata libooledwe ndipo waya udutse m'kapaipi, fyuzi iikidwe, batire ituluke pakati pa zovala. Zinali zolondola zonse. Koma pepalalo ndinakalipereka pamaso pa anthu amene ankadikira mafoni awo, ndipo ndinaliwerenga mokweza.

Mlamu anamvetsera mpaka kumapeto, kenako anati, "Ba mulamu, kampani yanu inagwa na mapepala yake yonse. Manje mufuna kuyendela nyumba yanga? Fomu faifi yanu siichaja foni."

Anthu anaseka. Wina anafunsa ngati ndibweranso kudzayendera chimbudzi, ndipo kuyambira tsiku limenelo ankanditchula kuti ba insipekita. Pepala lija mlamu analipinda n'kuchirikizira mwendo wa thebulo la mafoni.

Ndinapita kwa mlongo wanga kumsika. Anandimvetsera akupinda malaya, ndipo anandiuza kuti akudziwa kuti sindinama, koma ndimusiye mwamuna wake, pakuti kwa nthawi yoyamba chichotsedwere ntchito akudzuka m'mawa n'kusamba ngati munthu wokhala ndi kopita. Anati lata likabooledwa chifukwa cha mawu anga, ndiye kuti ndaboola mwini nyumba pamaso pa komboni yonse. Ndinamupempha kuti angochotsa mabelo okha akasunge kwanga. Anati aona.

Mphepo ya Ogasiti itayamba, ndinkamva malata aja akulira ndili panjira. Ankanyamuka pang'ono n'kugwa, kunyamuka n'kugwa, ndipo ndinkadziwa kuti kugwa kulikonse akucheka khungu la waya. Ndinabwererako kamodzi ndi kapaipi ndi fyuzi m'thumba. Mlamu anandipatsa mpando ndi madzi akumwa mwaulemu, koma makwerero anandikaniza.

Unali mwezi wa Okutobala, masana otentha, mitambo itangoyamba kusonkhana kutali. Kunabwera chimphepo cha fumbi chimene chimatsogolera mvula yoyamba. Mlongo wanga anali kumsika, mlamu anali pakhonde ndi mafoni ake. Pamene anamva fungo ndi kutsegula chitseko cha kumbuyo, mabelo anali atayaka kale. Anthu anathamanga ndi ndowa, koma mpope wathu unali kutali ndipo madzi ankatuluka modontha. Salaula akayaka sazima. Ndinafika mitanda itagwa, malata atapindikira m'kati, galasi lija litasweka pamwamba pake.

Moto utazirala, ndinalowa m'phulusa ndi ndodo n'kutembenuza malata mpaka ndinapeza awiri aja. Pamene ankaphimbana panali pakuda, pamphepete patadyeka, ndipo kachidutswa ka waya kanali katamatirira pomwepo, mkuwa wake utasungunuka n'kukhala timibulu. Panja mayi wina ankauza anzake kuti anaona kuwala kukutsika kumwamba. Ndinamva mlamu akuvomera mokweza kuti inde, ndi mphenzi.

Kenako mlamuyo analowa momwe ndinali. Ndinamulozera malata awiri aja ndi ndodo. Anagwada, anayang'ana nthawi yaitali, anakhudza timibulu tija ndi chala ngakhale tinali totentha. Osadzutsa mutu, anati chapansipansi mochonderera, "Ni pamene munakamba. Ba mulamu, napapata, musauze bantu."

Ndinayang'ana pakhomo popanda chitseko. Mlongo wanga anali atafika kuchokera kumsika, ataima pamenepo ndi malaya atatu amene sanagulidwe tsiku limenelo, ndipo anali atamva. Sanayang'ane mwamuna wake, anayang'ana ine. Ndinathyola kachidutswa ka waya kaja palata, ndinakaika m'thumba mmene munali fyuzi ija, ndipo ndinatuluka kukauza anthu kuti abalalike, palibenso chozimitsa.