Mapazi Anayi Kufika Kuchigwembe

Ndinanyamuka pa Balaka 6 koloko m'mawa ndi matumba awiri a simenti. Dzulo lake amalume anga, omwe ndi mkulu wa adzukulu okumba manda kwathu ku Nsanama, anali ataimba foni kuti mvula ya chizimalupsa yagwa ndipo chigwembe chayandikira manda a mayi. Ine za nthaka sindizidziwa, ndimagulitsa kaunjika, koma ndakhalitsa m'tauni mpaka kukhulupirira kuti palibe chimene simenti ingalephere.

Kondakitala wa minibasi anati ine K3,000, simenti K3,000. Ndinamufunsa ngati simentiyo ikhalenso pampando. Iye anati iyayi, ikhala kumapazi anga, koma matayala sadziwa kusiyanitsa. Ndinalipira uku ndikung'ung'udza.

Njira yonse ya ku Liwonde mauvuni a njerwa ankafuka pomwe kale panali mitengo ya tsanya. Pafupi nane panakhala bambo wina wa taye, wogulitsa mapuloti. Atamva komwe ndikupita anati Nsanama ndi tauni tsopano, ndikachedwa ndipeza malo atha. Ndinamufunsa kuti madzi a pamalata onsewo amapita kuti.

"Madzi amadziwa okha njira, mayi," anatero.

Ndinatembenukira kuwindo.

Tinawoloka Shire 7 koloko itapitirira. Pa Liwonde ndinagula chinangwa chophika cha K500, kenako ndinakwera matola a K4,000, titapanikizana ngati matemba m'dengu. Pa Nsanama tinafika cha m'ma 10. Bambo wa taye uja sananame: masitolo, zigayo, nyumba za malata mpaka kumunda komwe tinkalima nandolo. Wakabaza amene anandinyamula pa K2,000, simenti atamanga kumbuyo kwanga, anandiuza kuti mitengo ya kumanda inatha ndi owotcha njerwa. Anati akufa sadandaula, n'chifukwa chake anthu anayambira kwa iwo.

Ndili mwana, kumanda kunkachita mdima masana, ndipo munthu sankathyolako ngakhale kanthambi. Tinkauzidwa kuti mizimu ikwiya. Tsopano ndinapeza zitsa zokhazokha, dzuwa likuwotcha mitumbira, ndipo pambali pake chigwembe chakuya kuposa nyumba chikutsika kuchokera kumalata kuja.

Amalume anali pomwepo ndi khasu. Atayang'ana simenti yanga sanaseke, ngakhale ndikanakonda akanaseka. Anandilozera pansi pa chigwembe pomwe panagona chipupa chosweka. Banja lina linachimanga chaka chatha kuti liteteze agogo awo. Chipupa chinapita, agogowo anapitanso, ndipo adzukulu anachita kutola mafupa mumchenga n'kukawaikanso pakona ya manda.

"Mwana wa mlongo wanga," anatero, "madzi salimbana ndi simenti, amangoidutsa pansi. Chimene amaopa ndi mizu. Akuluakulu ankati mizimu kuti ana mumve msanga."

Anali atakumba kale zitsa za nsungwi ndi nsenjere zoti tibzale m'mphepete. Ndinafunsa kuti zigwira nthaka liti. Anati pakatha zaka zitatu. Ndinayesa ndi mapazi kuchokera pamtumbira wa mayi kufika pamphepete: anayi. Nditafunsa kuti dzinja lapitali chigwembe chinadya mapazi angati, anati asanu ndi awiri. Apo ndinakhala pansi n'kulira, osachita manyazi.

Tinabzalabe mpaka dzuwa litapendeka, n'kuthirira ndi madzi a pamjigo, chifukwa chakumunsi kuli manda ena omwe mwina angapulumuke. Zimene ndinaphunzira n'zowawa: nzeru za makolo zilipo ndithu, koma zimafuna nthawi, ndipo nthawiyo tinaiwotchera njerwa. Nanenso nyumba yomwe ndimachita lendi ku Balaka ndi ya njerwa zowotcha, sindinafunsepo komwe nkhuni zake zinachokera.

Cha m'ma 4 amalume anandiperekeza kumsewu. Matola atatulukira anandigwira mkono, osandiyang'ana kumaso.

"Mvula ikayamba usazimitse foni," anatero. "Ndipo uguliretu mphasa ndi nsalu yatsopano zoti tidzasamutsire mafupa a mayi ako. Mlongo wanga sindikufuna kukam'tola mumchenga."