Tinsalu Tofiira pa Dzanja Lamanja

Asenaca Ravula anakulira ku Nausori, ndipo mpaka lero amakwera basi ya m'mawa kupita ku Suva, likulu la dziko lawo la zilumba, kukoleji ya zauinjiniya kumene wagwirako ntchito kuyambira ali mtsikana. Si iye amene amaima muholo yaikulu. Ntchito yake imayamba mphunzitsi wamkulu akatsika: amatenga ophunzira a chaka choyamba m'timagulu, n'kukhala nawo pansi mpaka zimene anamva muholo zitakhazikika m'mutu. Phunziro lake ndi masamu a mivi, aja amene sakhutira ndi kufunsa kuti mphamvu ndi yaikulu bwanji, amafunsanso kuti ikuloza kuti. Madzi mumpope, mphepo padenga, magetsi muwaya, zonsezi amazijambula ngati timivi.

Pamasamu amenewa pali pena pamene munthu amawerengera ndi dzanja. Ukachulukitsa muvi ndi unzake pamatuluka muvi wachitatu, ndipo kuti udziwe ngati waloza kumwamba kapena pansi, umatambasula dzanja lamanja: chala cholozera chitsate muvi woyamba, chapakati chitsate wachiwiri, ndipo kumene chala chachikulu chaloza ndiye yankho. Lamanja basi. Lamanzere limakupatsa yankho lotembenuka. Tsono pamayeso dzanja lamanja limakhala litafumbata cholembera, mtima uli m'mwamba, ndiye mwana amangokweza limene lili chabe, lamanzere, n'kulemba bodza mosakayika konse. Amapulumuka ndi olemba ndi manzere okha.

Asenaca anaiona ngoziyi akadali watsopano pantchito, ndipo anaipezera mankhwala. Mayeso akayandikira ankagula nsalu yofiira, n'kuidula tinsalu titalititali Lamlungu akaweruka kutchalitchi. Tsiku la mayeso ankaima pakhomo la holo, n'kumanga kansalu pamkono wamanja wa aliyense wolowa, uku akuti, "Cholembera pansi, kenako dzanja." Palibe anamutuma zimenezi, ndipo palibe anafunsapo kuti nsaluyo imachokera kuti. N'chimodzimodzi nthawi yake ya nkhomaliro, imene inkathera pa mafunso a ana, roti wake, mkate wopyapyala, akuzizira m'chikwama.

Chimene ankapatsidwa chinali salusalu. Mayeso akatha, a chaka choyamba amaluka nkhata ya maluwa imeneyi n'kuiveka m'khosi mwa mphunzitsi amene amuona kuti ndi wawo. Kwa zaka zambiri inkagwera Asenaca. Zouma anazikoloweka pakhoma pabalaza, ndipo popukuta fumbi ankazigwira mosamala kuti zisayoyoke.

Kenako kunabwera Vasiti Koroi, mwana amene Asenaca anamumanga kansalu ndi manja ake zaka zapitazo. Vasiti anakaphunzira ku Australia, n'kubwerako akutchedwa Dokotala, ndipo anapatsidwa holo yaikulu ija. Anali wansangala, wa mawu omveka mpaka kumbuyo. Tsiku lake loyamba anakweza mkono n'kuonetsa kansalu kofiira kothetheka, kakale lomwe, kamene anakasunga kuyambira pamayeso ake.

"Aka ndi kamene kanandipulumutsa," anauza ophunzira. "Anandimanga ndi Madamu Ravula, akhala kumbuyowo."

Ana anacheuka, n'kuomba m'manja pang'ono, basi n'kuiwala. Chimene anakumbukira chinali mkono wa Dokotala uli m'mwamba. Chaka chimenecho Asenaca ataima pakhomo ndi thumba lake, anamva mtsikana wina akuuza mnzake, "Fulumira, akugawa tinsalu ta Dokotala." Salusalu nayo inapita kwa Vasiti. Asenaca anaomba nawo m'manja, kenako n'kukakwera basi yobwerera kwawo.

Chaka chotsatira, Lamlungu loti adule nsalu litakwana, anakhala pakhonde akusenda chinangwa. Mwamuna wake Waisake anamuyang'ana, n'kumuitana monga amachitira, potsata dzina la mwana wawo woyamba.

"Tinai Akosita, sizasi yasowa? Chaka chino nyumba ilibe ulusi wofiira. Ndinazolowera kuupeza mpaka mutiyi."

"Sindidula."

"Wadwala?"

"Akadule mwiniwake. Si ta Dokotala? Aone ngati timamera tokha m'thumba."

Waisake anaseka mpaka kutsokomola. "Iwe, ukulimbana ndi mwana amene unamuphunzitsa wekha? Nkhata zadzaza khoma lonse, tikusowa popachika wotchi."

"Zouma zimenezo," anayankha Asenaca, mpeni ukulowa kwambiri m'chinangwa.

Maganizo ake anali akuti ana akafika pakhomo n'kupeza palibe womanga, adzafunsa, ndipo pofunsapo adzadziwa mwini wake weniweni. Akadziwa, salusalu idzabwerera kwawo.

Tsiku la mayeso kunagwa mvula ya ku Suva, yosaleka. Asenaca analowa muholo molawirira, n'kuyamba kuika mapepala pamatebulo, pakuti kuyang'anira mayeso inalinso ntchito yake. Pakhomo ana anaunjikana, ena atatambasula kale mikono. Ankawaona ndi ngodya ya diso. Vasiti anafika akukutumula ambulera, n'kupita kwa iye.

"Madamu, tinsalu tili kuti?"

"Ndimayesa mwabweretsa ndinu, Dokotala."

Vasiti anamuyang'ana, n'kutsegula pakamwa, koma nthawi inali itakwana. Anabwerera pakhomo. Womaliza kulowa anali Sakiusa, mtsogoleri wa kalasi, chimphona cha mpira wa ragibe chimene chinkabwereza phunziroli ndipo chikanachotsedwa sukulu chikanalepheranso. Vasiti anamasula kansalu kake kakale kaja, n'kukamanga pamkono wa Sakiusa. Kanangokwanira movutikira.

Patapita nthawi ana anafika pa funso la dzanja. Asenaca ankalidziwa, ndipo anali ataima kumbuyo. Manja anayamba kukwera limodzilimodzi, zala zitatambasuka. Mzere woyamba, lamanzere. Pafupi ndi zenera, lamanzere. Mtsikana amene ankabwera kwa iye nthawi ya nkhomaliro mlungu uliwonse anakweza lamanzere, n'kugwedeza mutu mokhutira, n'kulemba. Woyang'anira mayeso saloledwa kunena kanthu. Asenaca anayenda pakati pa mizere, dzanja lake lamanja likudzifumbata lokha m'thumba la diresi. Atafika pa Sakiusa anamuona akukweza lamanzere, kenako diso lake likugwera pa kansalu. Mnyamatayo anaika cholembera pansi, n'kusintha dzanja.

Atatuluka, ana anayerekeza mayankho pakhonde, ndipo phokoso linabuka.

"Muvi unaloza pansi, amwene!"

"Pansi pati? Kumwamba! Waona ndi dzanja liti?"

"Ili... mayo ine!"

"Mwana wa ragibe watiposa tonse! Sakiusa, wadya chiyani lero?"

Mtsikana uja anabwera kwa Asenaca maso ali ofiira. "Madamu, tinakudikirani pakhomo. Tinkati mwina mwadwala."

Ndiye kuti ankadziwa. Asenaca anafuna kuti mawuwo amukomere, koma sanamukomere.

Madzulo a tsiku lomwelo anayala mikeka muholo, n'kubweretsa dalo, chakudya chonga chilazi, ndi nsomba yophika mumkaka wa kokonati. Sakiusa ndiye ananyamula salusalu, kansalu kakadali pamkono. Anadutsa pamene Asenaca anakhala, n'kuwerama mwaulemu podutsa, n'kukagwada pamaso pa Vasiti. Fungo la maluwa linatsalira pang'ono m'mbuyo mwake. Vasiti anayang'ana kwa mphunzitsi wake wakale ngati akupepesa, ndipo kuyang'ana kumeneko kunamupweteka Asenaca kuposa nkhatayo. Kansalu kanali kake, anakadula yekha ndi sizasi yake, koma kanakagwirira ntchito wina.

Mapepala onse anapatsidwa iye kuti achonge, monga mwa masiku onse. Loweruka lake linathera patebulo, akudula mzere pa yankho lotembenuka pepala ndi pepala, mayina onse akuwadziwa nkhope. Waisake anamubweretsera tiyi osanena nthabwala iliyonse.

Chaka china mayeso atayandikira, Asenaca anatsika basi n'kulowa m'sitolo ya nsalu ya masiku onse. Mwini sitolo atamuona anayamba kale kutsitsa mpukutu wofiira.

"Yomwe ija, Madamu?"

Asenaca anaigwira nsaluyo, n'kuikankhira pambali.

"Ayi. Ndipatseni yachikasu. Yofiirayo ili ndi mwini wake."